Nsalu Yolemera ya Nyani

Padangokhala Kamba ndi Nyani, kumapiri a ku Dambe. Kunali kalekale, Livingstone asanafike n'komwe mu 1859 kudzapeza anthu a m'chigwa cha Shire akupota thonje ndi kuomba okha nsalu.

Chaka china chisanu cha mu Juni chinaluma. Awiriwo anatsetserekera ku Lisungwi, kotentha, kumene thonje limachita bwino. Anagwira ganyu yotola thonje, malipiro ake thonje lomwelo, aliyense mtanga wake.

Atabwerera kwawo, Kamba anayala thonje padzuwa, nasankha zitsotso ndi masamba ouma. Kenako ankaliika pang'onopang'ono pathabwa n'kumagudubuzapo kachitsulo, njere zikuthothoka. Mtanga unapepuka, pajatu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa thonje ndi njere.

"Achimwene, mwapenga kodi?" anafunsa Nyani. "Mtanga tinaliralira nawo pachitunda uja, lero mukuupepula nokha?"

"Ulusi suyanjana ndi njere, bwanawe."

"Langali ndiye silichoka kanthu. Ndinalisenza lonse, ndilivala lonse."

Kamba sanayankhe. Anatenga kauta, n'kumakoka nsinga yake pakati pa thonje, ti! ti! ti! mpaka linafufuma ngati mtambo. Atayamba kupota, ulusi unkangotsika wosalala, osaduka.

Nyani anapota lake ndi njere zomwe. Ulusi ukaduka, mfundo. Ukadukanso, mfundo ina. Nsalu inatuluka ya mabungumabungu, koma mwiniwake ankangoinyamula m'mwamba kuimva kulemera, mano onse pamtunda. Madzulo anazemba n'kukatapa njere zimene Kamba anasungira mbewu, nazisokerera kumbuyo kwa nsalu yake, pokhalira penipeni.

Njere za thonje zili ndi mafuta. Makoswe anamva fungo.

Pakati pa usiku Nyani anamva china chikukokakoka kumbuyo. Kukutu, kukutu.

"Ameneyu ndi Kamba, wadzera njere zake," anatero chamumtima. "Ndikanyamuka atenga."

Anakhazikika zolimba. Makoswe anatha njere za m'mbali. Nyani phee. Anatha za pakati, nayamba nsalu. Nyani phee. Nsalu itatha anapeza ubweya wonona ndi mafuta a njere, nayamba kuumeta ndi mano. Misozi inalengeza, koma Nyani anangoluma mlomo.

"Tsina, mbala iwe, tsina! Pano sindisuntha."

Tambala analira, makoswe anabalalika mimba zili tiii. Kamba anatuluka atafunda nsalu yake yopepuka, akuyasamula.

"Mwadzuka bwanji, bwanawe? Nanga kumbuyoku mwatani?"

Inu mukadzakumana ndi Nyani m'mapiri a ku Neno, mudzamuyang'ane akamathawa m'munda mwa chimanga. Ubweya uja sunamerenso. Koma musadzayerekeze kumufunsa, chifukwa adzakuimikani mpaka dzuwa kulowa, kukufotokozerani kuti nsalu yake inkalemera kuposa ya Kamba katatu.