Mankhwala a Boma: Agule Ndani, Ayankhe Ndani?

M'dziko la Malawi, ntchito yogula ndi kugawa mankhwala a m'zipatala za boma ili m'manja mwa magulu awiri a olamulira: likulu la boma ku Lilongwe ndi makhonsolo a m'maboma 28. Kagawanidwe ka ntchitoyi kamaoneka ngati nkhani ya akatswiri a zachuma okha, koma kuseri kwake kuli funso la chikhalidwe ndi chikhulupiriro: kodi chinthu chopulumutsa moyo asunge ndani, nanga chikasowa afunsidwe ndani?

Dongosolo lomwe lilipo lero lidachokera ku ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, zonse za mu 1998. Zipatala za pa boma ndi zipatala zazing'ono za m'midzi zidaikidwa pansi pa makhonsolo, pomwe zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu, Mzuzu ndi Zomba zidatsalira ku Unduna wa Zaumoyo. Mankhwala ambiri amagulidwa pamodzi ndi bungwe la Central Medical Stores Trust, lomwe lili ndi nyumba zosungiramo katundu ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Gawo lalikulu la ndalama za mankhwala a m'maboma silifika m'manja mwa khonsolo. Limadzera ku National Local Government Finance Committee, yomwe imalipira bungwe logulalo pa katundu amene waperekedwa. Maboma amasiyiridwa kagawo kochepa koti agulire kwa amalonda ena pamene mankhwala sakupezeka kulikulu. Ma ARV, katemera ndi mankhwala a malungo, omwe ambiri amalipiridwa ndi mabungwe akunja monga Global Fund ndi Gavi, amayenda m'njira zawozawo.

Amene amafuna kuti likulu ligule amatsamira pa chilungamo. Mwana wodwala chibayo ku Likoma kapena ku Neno ali ndi ufulu wofanana ndi mwana wa mumzinda wa Lilongwe, koma boma laling'ono likamagula lokha limagula pang'ono, motero limagula mokwera mtengo. Kugula pamodzi kumatsitsa mtengo, ndipo kumathandiza bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuunika mankhwala olowa m'dziko, kuti achinyengo asafike kwa odwala. Popeza mankhwala ambiri amachokera kunja, pamafunikanso ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba lomwelo la ndalama za mankhwala lidayamba kugula zochepa, ndipo khonsolo payokha ilibe mphamvu yolimbana ndi vuto lotere. Apa pali chiphunzitso chakale chakuti anthu a dziko limodzi ndi thupi limodzi, ndipo wamphamvu ayenera kusenza wofooka.

Amene amafuna kuti maboma agule okha amatsamira pa nzeru ya amene ali pafupi. Mkulu wa zaumoyo ku Nsanje amadziwa kuti madzi akasefukira kolera sachedwa kubuka. Wa ku Mangochi amadziwa kuchuluka kwa likodzo m'mphepete mwa nyanja. Wa kudera la mapiri amadziwa misewu imene galimoto silidutsa nthawi ya dzinja, choncho katundu ayenera kufika mvula isanayambe. Mpingo wa Katolika uli ndi chiphunzitso chogwirizana ndi maganizo awa, chomwe Papa Pius XI adachilongosola mu 1931: ntchito imene gulu laling'ono lingaigwire bwino isalandidwe ndi gulu lalikulu, ndipo lalikulu likhalepo kuti lithandize laling'ono. M'buku la Eksodo, Yetero adalangiza Mose kuti asaweruze yekha milandu yonse, koma asankhe anthu okhulupirika oyang'anira magulu ang'onoang'ono, milandu yovuta yokha ndiyo ibwere kwa iye. Chifukwa chake sichinali kufulumiza ntchito kokha. Munthu akalandidwa mphamvu yosankha pa ntchito imene akuidziwa, amalandidwanso ulemu wake, ndipo pang'ono ndi pang'ono amasiya kuiona ntchitoyo ngati yake.

Mbali ziwirizi sizitsutsana kotheratu. Nkhani ya Yosefe m'buku la Genesis imasonyeza zonse pamodzi: dongosolo losunga chakudya lidachokera kulikulu kwa Farao, koma chakudya cha m'minda yozungulira mzinda uliwonse chidasungidwa mumzinda womwewo. Kuwerengera kunali kwa dziko lonse, nkhokwe zinali pafupi ndi anthu.

Komabe palibe mbali imene imachotsa kufooka kwa mtima wa munthu. Likulu likalakwitsa powerengera kapena likachedwa kuitanitsa, dziko lonse limasowa mankhwala nthawi imodzi, ndipo pamene pali mgwirizano wa ndalama zochuluka pamakhalanso yesero lalikulu la ziphuphu. Khonsolo ikamagula yokha, wogula ndi wogulitsa atha kukhala pachibale kapena pachinansi, mtengo nkukwera popanda woufunsa. Kuba mankhwala kumachitika paliponse pa ulendo wake, kuyambira m'nyumba zosungira mpaka pa windo la famase, ndipo nchifukwa chake mu 2016 Unduna wa Zaumoyo udakhazikitsa nthambi yofufuza za kubedwa kwa mankhwala. Muzu wa khalidweli ndi maganizo ofala akuti za boma zilibe mwini. Zipembedzo zazikulu za m'dziko muno zimakana maganizo amenewa. Chikhristu chimaphunzitsa kuti wosunga chuma cha anthu ndi mdindo amene adzafotokoza za udindo wake. Chisilamu chimati chinthu chosungitsidwa ndi amana, ndipo kuchiwononga ndi tchimo pamaso pa Mulungu. Umunthu nawo umati wodya cha wodwala wataya chimene chimamupanga kukhala munthu. Mankhwala a boma ali ndi mwini, ndipo mwini wake ndi wodwala amene sanafike kuchipatala.

Vuto lalikulu limabuka pamene mphamvu ndi udindo zalekanitsidwa. Wodwala akauzidwa kuti mankhwala atha, akagule ku famase, namwino amaloza ku ofesi ya pa boma, ofesiyo imaloza ku bungwe logula, bungwelo limati silinalipiridwe, ndipo osunga chuma amati ndalama zakunja zasowa. Aliyense atha kukhala akunena zoona, koma palibe woyankha. Pa chikhalidwe, ichi nchoopsa kuposa kulakwa kwa munthu mmodzi, chifukwa cholakwa chopanda mwini sichilapidwa ndipo sichikonzedwa. Buku la Machitidwe a Atumwi limafotokoza mmene mpingo woyamba udachitira akazi amasiye ena atadandaula kuti akuiwalidwa pogawa chakudya: udasankha anthu asanu ndi awiri odziwika ndi maina, nuwapatsa ntchitoyo poyera. Wonyalanyazidwa adadziwa khomo loti agogode.

Kuchokera apa pamatuluka mfundo zoyendetsera ntchitoyi. Amene wapatsidwa udindo wosamala odwala apatsidwenso mphamvu yokwanira yochitapo kanthu mankhwala akasowa, ndipo amene wagwira thumba afotokoze poyera zimene wagula, mtengo wake ndi kumene zapita. Likulu ligule zimene zimafuna msika waukulu, ndalama zakunja ndi kuunika kwa akatswiri, ndipo lilipire ngongole zake pa nthawi yake. Maboma awerengere moona zosowa zawo, asunge kaundula wolondola, ndi kugwiritsa ntchito kagawo kawo pa zofunikadi. Makomiti a anthu a m'mudzi oyang'anira zipatala zazing'ono, omwe amachitira umboni mankhwala akamafika, apatsidwe mpata woona mabuku ndi wofunsa mopanda mantha, pakuti iwo ndiwo maso a eni katundu.

Muyeso wa dongosolo lililonse si kukula kwa mphamvu ya likulu kapena ya khonsolo. Muyeso ndi mayi wosauka wa ku chipatala chaching'ono chakutali, amene alibe ndalama yogulira ku famase. Ngati iye apeza mankhwala, kapena akawasowa adziwa woyenera kumuyankha, ndiye kuti udindo wagawidwa mwachilungamo pakati pa likulu ndi maboma.