Kodi Nkoyenera Kukongola Kuti Munthu Apeze Mbiri Yabwino?

Pamudzi, munthu wofuna kubwereka chimanga nthawi ya njala safunsidwa kalata, pakuti anansi amadziwa kale ngati iye amabweza kapena ayi. Koma ana a dziko lino amene apita kukagwira ntchito ku Britain amafika kumene palibe wowadziwa. Kumeneko mbiri ya munthu pa za ngongole imasungidwa ndi makampani atatu akuluakulu, Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo mabanki amayang'ana m'mabuku amenewo asanakongoze munthu. Mlendo, ngakhale akhale wokhulupirika chotani, tsamba lake limakhala lopanda kanthu.

Tsono anzake amamulangiza kuti atenge khadi la ngongole, makamaka ngati ntchito yake ili ya maulendo, imene munthu amayamba walipira yekha sitima ndi pogona, abwana nkudzamubwezera pambuyo. Khadi lotere lidayamba ku Britain m'chaka cha 1966 ndi dzina loti Barclaycard. Banki imalipira m'malo mwa mwini khadi, ndipo pakutha kwa mwezi imamutumizira chiwerengero cha zonse adagula. Akabweza zonse tsiku lake lisanapitirire, salipira chiwongoladzanja. Makhadi ambiri amapatsa munthu mpata mpaka masiku 56. Akabweza pang'ono chabe, zotsalazo zimayamba kubala.

Apa ndipo pali funso lovuta. Makolo adaphunzitsa ana awo kuopa ngongole monga moto. Kodi si chinyengo kuti munthu akongole dala, pamene sali pa vuto, kungofuna kuti dzina lake likome m'mabuku a banki?

Chinyengo nkuonetsa chinthu chimene palibe. Koma mabuku aja amalemba zimene zidachitikadi: munthu adalonjeza kubweza tsiku lakuti, ndipo adabweza kapena sadabweze. Wobweza mwezi ndi mwezi sadanamize munthu. Wangopatsa alendo mpata woona zimene anansi ake akadaona pamudzi. Choncho mbiri yabwino imachokera m'kubweza, ndipo kukula kwa ngongole sikuwonjezerapo ulemu uliwonse. Wolephera kubweza, chilema chake chimakhala m'mabuku zaka 6, ndipo chingamutsekere khomo pamene adzafuna ngongole ya nyumba.

Pa chifukwa chimenechi, kusankha khadi loyamba ndi nkhani ya chikumbumtima. Makhadi ena amakopa ndi mphatso ndi malire aakulu a ndalama, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlendo wopanda mbiri kawirikawiri amapatsidwa khadi la malire aang'ono ndi chiwongoladzanja chachikulu. Mwachitsanzo, ngongole ya mapaundi 1,000 pa chiwongoladzanja cha 30 pa 100 pachaka imabala pafupifupi mapaundi 25 mwezi uliwonse. Munthu wanzeru sanyoza malire aang'onowo, pakuti amamuteteza. Amasankha khadi lopanda malipiro a pachaka, amauza banki kuti izitenga yokha ngongole yonse mwezi uliwonse, ndipo satapa nalo ndalama pa makina, chifukwa zimenezo zimayamba kubala tsiku lomwelo.

Pa ndalama za ntchito pali mbuna ziwiri. Yoyamba ndi iyi: khadi likakhala m'dzina la wantchito, ngongoleyo ndi yake. Abwana akachedwa kubweza, banki siidzapita kwa abwana. Dzina lodetsedwa lidzakhala la iye amene adasayina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho asaike pa khadi ndalama zoposa zimene angathe kubweza ndi malipiro ake, ngakhale abwana atachedwa mwezi wathunthu. Abwana nawonso adziwe kuti pochedwetsa ndalama zimenezi akukongola kwa wantchito wawo popanda kumupempha, ndipo chimenecho si chilungamo.

Mbuna yachiwiri ili mumtima. Pa khadi limodzi pakasakanizika tikiti ya sitima ya ntchito ndi nsapato za mwini, nkwapafupi kuti lisiti la nsapato lilowe m'gulu la malisiti a ku ofesi. Tinthu tating'ono totere tili pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, limene limaletsa kuba ndiponso limalamula kubweza ngongole ndi kusunga mapangano. Wofuna kukhala woyera manja alekanitse za ntchito ndi za pakhomo, asunge malisiti, ndipo ndalama za abwana zikafika azitumize ku banki tsiku lomwelo, asanaziganizire ntchito ina.

Nkhaniyi siili ya kutali kokha. M'chaka cha 2010 Malawi idakhazikitsa lamulo lolola makampani osunga mbiri ya ngongole, kotero kuti mphunzitsi kapena kalaliki wokongola ku banki nayenso amalembedwa. Komabe akatekisti pophunzitsa achinyamata awakumbutse kuti mabukuwo amayesa chinthu chimodzi chokha. Wamasiye amene adalephera kubweza chifukwa cha matenda angaoneke woipa m'menemo, ndipo wakatapila angaoneke wolungama. Makolo amene mwana wawo walemba kalata yoti watenga khadi lake loyamba asamukalipire, ndiponso asamuyese wolemera namuchulutsira zopempha. Amufunse chinthu chimodzi: kodi mwezi watha adabweza zonse?