Kodi Makina Angachite Manyazi?

Anzanga, pali nkhani imene yandisowetsa tulo. Ku laibulale yaikulu ya dziko la Finland kuli makina a pa kompyuta otchedwa Annif, amene anayamba kupangidwa m'chaka cha 2017. Ntchito yake ndi kuwerenga buku n'kulosera kuti likukamba za chiyani. Nzeruzi anaziphunzira poonera mabuku ambirimbiri amene anthu anasanja kale, monga mwana aphunzirira kulima poonera amake.

Poyamba ndinakondwera. Aliyense amene anaonapo milu ya mabuku ikudya fumbi podikira woisanja sangakane kuti chithandizo chikufunika.

Koma akulu anati make mbuu, mwana mbuu. Kodi osanja akalewo anali ndi mtima wotani? Taonani dongosolo limene Melvil Dewey anayambitsa mu 1876, lomwe malaibulale ambiri akutsatabe. Chingerezi chokha chinapatsidwa manambala kuyambira 420 mpaka 429. Zilankhulo zambiri za mu Africa, ndi Chichewa chathu chomwe, zinapanikizidwa pa 496, m'gulu la "zilankhulo zina". Tsiku limene ndinazindikira zimenezi ndinaima pa shelefu ija ngati mlendo wosapatsidwa mpando. Makina ophunzira pa mabuku osanjidwa motero adzatenga kupanikizako ngati chilengedwe, chifukwa sanaonepo kwina.

Wina adzati anthunso amalakwa, tsono vuto lili pati? N'zoona, ndipo amachedwa kuvomera. Mu 2014 ophunzira a pa Dartmouth College, ku America, anadandaula kuti Library of Congress inkasanja mabuku pansi pa mawu onyoza anthu olowa m'dziko popanda zikalata. Aphungu ena anaikira kumbuyo mawuwo, ndipo anadzachotsedwa mu 2021. Zaka zisanu ndi ziwiri, mawu awiri okha! Komabe anachotsedwa, chifukwa panali munthu wina amene anamva dandaulo, manyazi n'kumugwira. Kodi makina ali ndi nkhope yoti n'kugwetsa pansi?

Sindikunena kuti tiwataye. Ineyo ndi mmodzi mwa aulesi amene adzawagwiritsa ntchito. Chondiopsa n'chakuti ophunzira aja anali ndi khomo logogodapo. Ine ndikadzapeza buku la gule wamkulu litaponyedwa pakona yosayenera, woyang'anira laibulale adzandiuza kuti anasanja ndi makina. Opanga makinawo adzandiuza kuti iwo anangophunzira kwa oyang'anira laibulale.