Khomo N'lotsegula, Nanga Njira?

Azakhali anga, ogulitsa usipa kwathu ku Nkope, anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero. Mankhwala ku Blantyre anali aulere. Inasoŵa ndi ndalama ya basi.

Boma lamanga chipatala cha khansa ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, ndipo aliyense angathe kuloŵamo. Kodi chilungamo chathera pomwepo? Ine ndikukana. Wa ku Kawale amangokwera minibasi. Wa kunyanja amayamba wagulitsa ukonde kuti akafike.

Mu 2019 katemera wa HPV anawalondola atsikana m'sukulu zawo. Apo boma ndilo linayenda ulendowo, osati mmphaŵi. Kuyeza amayi nakonso kuziyenda chomwecho. Anzangafe amene mawa tidzalemba mapulani a boma, tidzayambe kuŵerengera mayi wokhala kutali kuposa onse.