Khomo ndi la Mwini, Nanga Mlendo Agone Kuti?

Pa 2 July 1964, Pulezidenti Lyndon Johnson wa ku America adasainira lamulo loletsa mahotela ndi malo odyera kubweza munthu chifukwa cha khungu lake, chipembedzo chake kapena dziko lomwe adachokera. Moreton Rolleston, mwini wa Heart of Atlanta Motel, nyumba ya alendo ya zipinda 216 yomwe sinkalandira anthu akuda, adakasuma kukhoti.

Adati nyumbayo ndi yake, choncho woti agonemo asankhe yekha. Adatinso malamulo aakulu a dzikolo sadalipatse boma mphamvu yotere. Pa 14 December chaka chomwecho, khoti lalikulu lidagamula momutsutsa. Oweruza adapeza kuti alendo ake ambiri ankachokera m'zigawo zina za dzikolo, ndipo malamulo aakuluwo amalola nyumba ya malamulo kuyendetsa malonda a pakati pa zigawo.

Nkhawa ya Rolleston pa mphamvu za boma si yachabe. Boma lopanda malire ndi loopsa, ngakhale cholinga chake chikome bwanji. Ndipotu tsankho la kum'mwera kwa America lidalimbikitsidwa ndi malamulo a maboma a zigawo. N'chifukwa chake kudali koyenera kuti oweruza ayambe afufuza komwe boma lidatenga mphamvuyo.

Komabe pakhomo paja padaima anthu awiri. Mmodzi ankateteza ufulu wa katundu wake. Winayo, atayenda tsiku lonse ndi ana ake, ankagona m'galimoto ndalama zili m'thumba. Kunyumba kwake munthu amaitana amene wamufuna, ndipo boma lilibe nazo gawo. Koma wotsegula malonda pamsewu womangidwa ndi msonkho wa onse waitana onse. Akakana ena chifukwa cha mmene adabadwira, ufulu wake wadya ufulu wa anzake.

Mu 1965, Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udaphunzitsa m'chikalata cha Gaudium et Spes kuti tsankho lotere ndi lotsutsana ndi cholinga cha Mulungu. Nawo malamulo aakulu a Malawi amaletsa tsankho mu gawo 20.

Koma lamulo limathera pakhomo, mumtima sililowa. Mwini nyumba ya lendi yemwe amayamba wafunsa kuti, “Kwanu n'kuti?” kenako n'kunena kuti nyumbayo yatengedwa kale, mwina sadzaimapo m'khoti. Chimodzimodzi wolemba ntchito yemwe amayang'ana dzina la makolo asanaone masatifiketi. Pamenepo woweruza watsala ndi chikumbumtima.

M'fanizo la Msamariya wachifundo mulinso mwini nyumba ya alendo, yemwe satchulidwa kawirikawiri pa maulaliki. Adalandira munthu wovulala wosamudziwa, wobwera ndi Msamariya, mtundu womwe Ayuda sankayenderana nawo. Mkhristu aliyense wosunga makiyi a nyumba, sitolo kapena ofesi adzifunse sabata ino: ndani yemwe akadagogoda akadabwezedwa, ndipo chifukwa chiyani?