Galimoto Zakale ndi Khomo Lotseka

Pali anthu amene mtima wao uli pa galimoto zakale. Akaona Peugeot 404 kapena Morris Minor itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, sagona tulo mpaka ataigula. Ine ndine mmodzi wa anthu amenewa, ndipo funso limene timakumana nalo ndi lowawa: kodi n'chilungamo kuthira ndalama pa chitsulo chadzimbiri pamene ena akugona ndi njala? Funsoli si lanjiru ayi. Liyenera kuyankhidwa.

Poyamba ndinene kuti kukonza chinthu chakale si tchimo. Munthu amene amapala dzimbiri, kuwotcherera pamene paboola, kutsuka kabuleta ndi kusakasaka gasiketi ya injini imene fakitale inaleka kalekale kupanga, akulemekeza thukuta la amene anaipanga. Morris Minor anasiya kuipanga mu 1971. Ikamayendabe lero, ndiye kuti pali manja amene anakana kutaya. Masiku ano pamene chinthu chikangovuta pang'ono timathamangira chatsopano, khalidwe lotere ndi losowa.

Koma chikondi chomwechi chimatha kusanduka matenda. Tamvani za abale awiri, Fritz ndi Hans Schlumpf, amene anali ndi mafakitale opota ulusi m'chigawo cha Alsace ku France. Kuyambira cha m'ma 1960, Fritz anayamba kugula galimoto zakale ngati wogwidwa ndi mzimu. Kwa munthu mmodzi yekha wa ku America, John Shakespeare, anagula ma Bugatti 30 nthawi imodzi. Zonse anazitsekera m'chinyumba cha fakitale mumzinda wa Mulhouse, nalemba amisiri oti azizikonza mwachinsinsi. Zinapitirira 400, ndipo pakati pake panali ma Bugatti Royale awiri mwa asanu ndi limodzi okha amene anapangidwa.

Mu 1976 bizinesi ya ulusi inagwa. Antchito ambirimbiri anachotsedwa ntchito, eni ake n'kuthawira ku Basel, m'dziko la Switzerland. M'mwezi wa Marichi 1977 antchito aja analowa m'chinyumba chija. Tangoganizani, inu awerengi: bambo wopanda malipiro, ana akulira kunyumba, ataima pakati pa mizeremizere ya galimoto zonyezimira! Chodabwitsa n'chakuti chumacho sanachiphwasule. Anachilondera kwa zaka ziwiri, natsegula makomo kuti aliyense adzaone. Boma linaziteteza galimotozo mwalamulo mu 1978, ndipo mu 1982 malowo anatsegulidwa ngati nyumba ya dziko yosungiramo galimoto zakale.

Tsono cholakwa cha a Schlumpf chinali pati? Ena anganene kuti popanda misala yao galimotozo zikadatayika, ndipo n'zoona. Koma zabwino zimene zinatuluka pambuyo sizifafaniza misozi ya amene anataya ntchito. Kwa ine cholakwa sichinali kukonda galimoto. Chinali kuika chitsulo patsogolo pa anthu, ndiponso kutseka khomo kuti chokongolacho chikhale cha maso ao okha.

Makaniko aliyense angakuuzeni kuti galimoto imadana ndi kutsekeredwa. Ikakhalitsa osayenda, batire imafa, matayala amaphwatalala mbali yokhudza pansi, petulo amaonongeka n'kutseka timabowo ta mu kabuleta, malabala amauma n'kuyamba kudonthetsa oyilo, ndipo mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho mpaka kudyetsa dzimbiri mkati. Mankhwala ake ndi amodzi basi: kuiliza, kuitulutsa, injini itenthe bwino pamsewu. Ngakhale chitsulo chikudziwa zimene makolo ananena, kuti kupatsa n'kuika. Chuma chobisa chimaola.

Mbali ina ya nkhaniyi ili pa chilumba cha Cuba. Boma litasintha mu 1959 ndipo America itatseka malonda ndi dzikolo, galimoto zatsopano za ku America ndi zitsulo zake zinaleka kubwera. Eni ma Chevrolet, ma Ford ndi ma Buick a m'ma 1950 anaphunzira kusula okha zosowazo, ena n'kuikamo injini za dizilo zochokera m'galimoto zina. Kwa zaka zambiri galimoto zimenezi zanyamula anthu mumzinda wa Havana ngati matola. Katswiri wa zakale angakwinye nkhope, amvekere, "Imeneyi si Chevrolet yeniyeni!" Chabwino. Koma yadyetsa banja kuyambira agogo mpaka adzukulu. Nanga ulemu woposa pamenepa ndi uti?

Sindikunena kuti aliyense asandutse galimoto yake yakale matola. Ndikunena kuti ife osunga zinthu zoterezi tisadzitche eni ake. Ndife alonda chabe. Chitsulocho chinatipeza ndipo chidzatisiya. Mlonda wabwino amalipira mmisiri wake pa nthawi yake, amayamba waona kuti ana adya ndipo fizi yaperekedwa asanagule penti, amalola mnyamata wofuna kuphunzira kuti agwire sipanala, ndipo mnansi akamakwatitsa mwana sakaniza galimoto yonyamula akwati.

Wofunsa za njala uja ndimamuyankha chotere: usawerenge galimoto zili m'galaja mwanga. Uone ngati khomo lake ndi lotsegula, ndipo ufunse amene amazikonza ngati analandira zao.