Mvula Ikakana, Kodi Mulungu Aliko?

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse. M'minda ya ku Chongwe cimanga cinafota cisanabereke, pamene m'machalichi anthu anali atagwada kupempha mvula. Acinyamata ambiri anafunsa camumtima kuti, tapemphera conco, nanga womva ali kuti? Funso limeneli si cipongwe, ndipo kungouza munthu kuti "khulupirira cabe" sikumuyankha.

Zifukwa zina n'zopepuka. Zoti Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu sizitsimikizira kuti Mulungu aliko, pakuti boma silingalenge Mulungu ndi cilengezo. Kugwa kwa mvula pambuyo pa pemphero nakonso si umboni wokwanira, cifukwa caka cimene yakana, umboniwo umauma pamodzi ndi cimanga.

Cifukwa colemerapo cimayambira pa mvula yomweyo. Asayansi amati cilala cija cinadza ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mphepo ndi mitambo. Zimenezo n'zoona. Koma nyanjayo imatenthedwa ndi dzuwa, dzuwalo linacokera ku zina, ndipo ciliconse cimadalira cinzake. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anaona kuti zinthu zodalira zinzake sizingangotsamirana popanda pomathera. Tangoganizani komboni imene aliyense akuti ndalama zake anacita kukongola kwa mnzake. Penapake payenera kukhala mwini ndalama weniweni, apo ayi palibe akanagwirako ngakhale ngwee. Akhristu amati amene alipo mosakongola kwa wina aliyense ndiye Mulungu.

Cifukwa caciwiri cili mu mkwiyo wathu. Wamalonda akabisa unga kuti akweze mtengo ana akugona ndi njala, timati walakwa, ndipo sititanthauza cabe kuti zatinyansa. Timatanthauza kuti walakwa ndithu, ngakhale khoti litamumasula. Nanga lamulo loposa khotilo analiika ndani? Wosakhulupirira angayankhe kuti ndi mwambo umene anthu anapangana kuti akhale pamodzi. Yankho lake lili ndi nzeru, koma mwambo umasintha, pamene kudyera mwana wanjala masuku pamutu sikungasanduke cabwino ngakhale mudzi wonse utavomereza.

Kufunafuna Mlengi sikunabwere ndi azungu. Pa mwambo wa Chakwela Makumbi, Asoli amasonkhana ndi mfumu yawo yaikulu, Nkomeshya Mukamambo II, kupempha mvula dzinja lisanayambe. Bambo Jules Torrend pamene ankatsegula mishoni ya Kasisi mu 1905, anapeza anthu odziwa kale kuyang'ana kumwamba. Cimene Cikhristu cinawonjezera ndi nkhani yakuti Mlengiyo analowa yekha m'masautso athu, namva ludzu pamtanda. Nkhaniyi siifotokoza cifukwa cake munda wa agogo anu unauma, koma imakana zoti Mulungu amaonerera ali patali.

Pa Kasisi pomwepo, masisitere ocokera ku Poland akhala akulera ana amasiye kuyambira m'ma 1920. Osapemphera nawonso amacita zacifundo, conco nyumba ya anawo si masamu otsekera mkangano. Ndi umboni wa mtundu wina, wa anthu amene anaika moyo wawo wonse pa cikhulupiriro cimeneci.

Zifukwazi sizikakamiza munthu monga wapolisi pa rodibuloko. Wina angazipime n'kukhalabe wokayika, ndipo mnzake wa ku kwaya asamutche mwana wa Satana. Koma wokhulupirirayo asamangoti "abusa anatero." Adziwe cimene waimapo, pakuti cilala cidzabweranso, ndipo mng'ono wake adzamufunsa funso lomweli.